Poyanikira Zovala pa Amayi Anga

Mzime wanga anabwera kuchokera kusukulu maso ali psuu. Aphunzitsi a sayansi anauza aliyense kuti asankhe malo achilengedwe, aziona mmene zomera zikusinthira chaka chonse n'kumalemba. Anzake anasankha paki ya m'tauni. Iye anasankha katchire ka kuseri kwathu, pakati pa ngalande ndi mpanda wa galaja, pomwe ndimayanika zovala za anthu. Aphunzitsi anamukanira kalasi yonse ikumva. Ati pamenepo m'padzala, ndipo akapanda kusintha pofika Lachisanu, malikisi aiwale.

Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma pamalopo ndayanikapo zaka khumi ndi zinayi. M'mawa mwake ndinapita kusukuluko thovu lisanaume m'manja.

"Aphunzitsi, padzalapo munapaona ndi maso anu?"

"Mayi, kupaki kuli zomera zosiyanasiyana."

"Kumene amathirira ndi paipi tsiku lililonse? Chisinthe n'chiyani kumeneko, wometa kapinga? Mitundu mukufuna ingati?"

"Khumi."

"Ndikupatsani khumi ndi isanu. Mubwere mudzawerenge nokha."

"Mwina sabata yamawa."

"Lero. Lachisanu munalitchula ndinu."

Anafika madzulo, nsapato zili waliwali. Inali nyengo yadzuwa, udzu wonse uli gwaa. Mwana wanga anatsegula kope lake.

"Mwaonatu, mayi, fumbi lokhalokha," anatero aphunzitsi.

"Mutulutse cholemberacho. Choyanga pampandacho ndi chitedze. Mphepo yachisanu ikayamba, ubweya wake ukagwera pa shiti yapabedi, mwini wake amakanda mpaka kudzandilalatira. Mtengo uwu mwezi wamawa ugwetsa maluwa. Akagwera pa shati yoyera, yapita. Ndipo sunthani, mwaponda kakombo wanga."

"Ali kuti?"

"Pansi. Mvula yoyamba ikagwa, masiku atatu watuluka, wofiira ngati khala lamoto. Ndikamuona ndimasamutsira chingwe pakhonde."

Aphunzitsi anafukula ndi kamtengo, n'kupeza chimutu chake chonga anyezi. Kuyambira pamenepo anasiya kutsutsa, anayamba kufunsa. Tinayenda mpaka kungalande, ine ndikutchula chilichonse ndi mwezi umene chimandiwonongera zovala, mwana akulemba. Tinathera pa khumi ndi itatu.

"Yatsala iwiri, mayi," anatero akumwetulira. "Munalonjeza nokha."

"Taonani thalauza lanulo."

Kuyambira m'mawondo kutsika linali lakuda bii ndi njere za chisoso, ndi tina tozungulira taminga timene ndimazula m'masokosi a ana asukulu.

Anaseka mpaka kugwira mpanda. Anatenga kope lija, nasaina, n'kufunsa kuti malowo alembe dzina lanji. Mwana wanga anayankha mutu uli m'mwamba: "Poyanikira zovala pa amayi anga."

Kenaka aphunzitsi anapempha kuti azibwera ndi kalasi yonse sabata iliyonse.

"Kamodzi pamwezi," ndinatero, "Lachitatu. Wokhudza shiti achapa yekha."