Mwana Wati Tu kwa Agogo Ake

"Tu! Kwa bambo anga! Alendo ali pompo, mpunga uli m'mbale, mwana wanga nkutembenukira agogo ake nkunena kuti tu! Nde mukuti ndikhale pansi?"

A Kidwai sanakhale. Anangoima pakati pa ofesi ya ahedi, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta. Magetsi anali atathima, fani ili duu kudenga, mvula ya Julaye ikungoopseza kunja osagwa. Ruchika, mphunzitsi wa Chisipanishi, anali chiimire pafupi ndi chitseko, zala zikufinya choko chomwe anaiwala kusiya m'kalasi. Pambali pake panali Areeba, mwana wa a Kidwai, maso ali pansapato.

Nkhaniyi inayamba dzulo lake, tsiku lotsegulira. Ana anabwera kuchokera ku holide mitu ili mbee. Mango, kiriketi, foni, basi Chisipanishi chonse chinasungunuka ngati ayezi padzuwa. Wina atafunsidwa dzina anayankha kuti ali bwino. Ruchika anati aaa, mabuku ayambe adikira. Anakankhira madesiki kukhoma nkutulutsa kampira ka tenesi. Lamulo linali limodzi: ukawakha, nena kanthu kamodzi komwe unachita pa holide, ngakhale mophotchola, kenako ponyera mnzako nkumufunsa kuti "¿Y tú?" Ndiko kuti, nanga iwe? Ana anaseka mpaka malilime kumasuka. Poweruka anawauza kuti aliyense akafunse munthu mmodzi kunyumba.

Vuto linagona pamenepo. Mu mzinda wa Lucknow muno mawu oti tu si achilendo, alimonso m'chilankhulo chathu. Ndi iwe wathu yemweyu, iwe wouza galu, iwe wokalipira wopalasa njinga ya rikisho akakuwaza matope. Nde kwa a Kidwai, anthu amati ngakhale mphaka amachita kuuzidwa kuti tasunthani pang'ono.

"Bambo anasiya mbale nkukwera padenga kwa nkhunda zawo," a Kidwai anapitiriza. "Mpaka pano angomwa tiyi basi. Munthu wamkulu ngati amene uja! Mlamu wanga anachita kutsamwa ndi kuseka. Ine ndathana nazo, mayi Bajpai. Mwana wanga apite ku Chifalansa lero lomwe."

Mayi Bajpai, ahedi, anasiya kudzikupiza ndi nsonga ya nsalu yawo ya sari nkuponya diso kwa Ruchika. Diso limenelo Ruchika ankalidziwa. Asanatseke sukulu anali atamuuziratu: makolo akuthamangira Chifalansa, akangochoka mwana wina mmodzi kalasi ya Chisipanishi itsekedwa, otsalawo agawidwa. Nde iyeyo? Kubwereranso ku Noida kuja, ku ntchito yoyankha mafoni a makasitomala, zomvera zili m'makutu, kumapepesa anthu a ku Madrid omwe mafiriji awo afa. Choko chinathyoka m'manja.

"Bwana Kidwai, ndi holide imeneyi," analankhula mofulumira. "Mwana wangoiwala. Mawu aulemu aliko, usted, ndiye inu wake. Tinaphunzira chaka chatha. Onse aiwala, shuwa, mukanaona dzulo. Wina amati agogo ake ali ndi zaka zisanu ndi zitatu."

A Kidwai anapukuta khosi ndi kampango. Mapewa anatsikako pang'ono.

"Kuiwala?"

"Kuiwala basi. Sabata ino tibwereza zonse."

"Hm. Ngati kuli kuiwala, nkhani ndi ina." Anatembenukira mwana wawo. "Areeba, mwaiwala eti? Tanenani, tikawauze agogo anu, mupepese, zithe."

Ruchika anamuyang'ana mwanayo, maso akupempha. Ingovomera mwanawe. Mawu amodzi okha.

"Sindinaiwale."

"Mwati?"

"Usted ndimamudziwa, ababa." Areeba anadzutsa mutu, koma sanayang'ane bambo ake. Anayang'ana Ruchika. "Madamu, mesa munanena nokha? Munati usted ndi wa adokotala, wapolisi, munthu woti sumudziwa. Tú ndi wa munthu wako. Munati ku Sipeini ana amatero kwa agogo awo."

"Ndinanena, koma..."

"Holide yonse ndimakhala ndi agogo padenga. Andiphunzitsa kuitana nkhunda ndi likhweru, ija ya khosi lobiriwira imatera pamkono panga. Munati tikafunse munthu mmodzi. Ine ndinasankha iwowo. Nde ndikanawauza usted ngati wapolisi?"

"Mwamva?" a Kidwai anamenya tebulo, kapu ya tiyi nkulumpha. "Mwamva zimene mukuwathira ana m'mutu? Kuno si ku Sipeini! Mawa adzandiuza ine kuti iwe Kidwai tapatseko mchere!"

"Inu ndimakuuzani usted, ababa."

Kunja wogulitsa chimanga chootcha anali kukuwa pageti. A Kidwai sanadziwe ngati alemekezedwa kapena atukwanidwa.

Mayi Bajpai anatsokomola. Zaka zawo zonse zauhedi anazithera pozimitsa moto wa makolo, ndipo madzi ake ankawadziwa.

"Tiyeni tisatalikitse. A Nigam," anatero kwa Ruchika, pomutchula dzina la bambo ake monga amachitira zikavuta, "kuyambira lero tu ameneyu achoke. M'kalasi, m'mabuku, pa kampira kanuko, paliponse. Ana aziti usted kwa aliyense, kaya mnzawo kaya khwangwala. Ndipo piriyodi ikubwerayi mukanene pamaso pa onse kuti Areeba analakwitsa, ena atengerepo phunziro. Mukatero mwana akhala, kalasi ikhala. Si choncho bwana Kidwai?"

"Akatero, chabwino."

"Mwamva a Nigam? Zophweka."

Zophweka zedi. Ruchika anaziona zonse m'maso: ana ataima bwalo, kampira kakuuluka, aliyense akuuza mnzake wa pa desiki imodzi kuti nanga inu bwana. Anaona Areeba ali pakati, anzake akumuseka chifukwa cha chinthu chokhacho chomwe mwana mmodzi m'kalasi yonse anachisunga holide yonse osachitaya. Anaonanso Noida, mafiriji, pepani bwana, pepani kwambiri bwana. Ufa wa choko unali utayeretsa chikhatho chonse.

"Mwanayu sanalakwitse," anatero. "Ndanama ndine. Sanaiwale kanthu."

"A Nigam, ganizani bwino."

"Agogowo ndikhoza kupita ndekha kukawafotokozera, ngakhale padenga pomwepo. Akamva tanthauzo lake mwina adya. Koma kukaima kutsogolo nkunena kuti walakwitsa, ayi. Ndipo tú sachoka. Chilankhulo si thumba la mpunga kuti uzisankhamo miyala."

"Kwathu simupondako," anatero a Kidwai. "Basi, Chifalansa. Areeba, tengani chikwama, mukalowe kwa madamu enawo. Kumeneko kuli ulemu."

Belu linalira. M'khonde munadzaza phokoso la nsapato, ndipo wina anali kale kugunditsa kampira kaja kukhoma la kalasi, du, du, du, kuyembekeza. Mayi Bajpai anatambasula manja ngati akuti ndinakuuzani. Ruchika anaika zidutswa za choko patebulo pawo, napukuta manja m'mbali mwa diresi.

"Pitani nayeni," anatero atagwira chitseko. "Ku Chifalansa nakonso kuli tu. Tsamba loyamba."

Anatuluka, chitseko nkuchisiya pululu.