Chijekete cha a Biswick

A Biswick Kachingwe, amene ankakhala kunja ku Romford, anali atakwera mapiri a ku Scotland, atapondanso chipale chofewa ku Switzerland, ndipo kutchalitchi aliyense ankadziwa zimenezi chifukwa eniakewo sankalola munthu kuiwala. Mwezi wa Meyi utalowa ndi kadzuwa ndi mvula yowaza, maungu amene anadzala kuseri kwa nyumba anamera mosangalatsa. Basi a Biswick analengeza kuti pa chinkhoswe cha mwana wawo Towela alendo adzadya nkhwani weniweni, osati wouma ndi firiji wa m'mashopu a ku Tottenham.

"Bambo a Towela, foni ikuti mawa kuli frost," anatero akazi awo, a Peggy. "Tifunditse mbewuzi."

"Chisanu mu Meyi? Mayi, ine ndinabadwira ku Dedza! Chisanu chimayamba chandiodira chisanagwe."

Kutacha, kapinga anali mbuu ngati wathiridwa ufa. Masamba a maungu anali lende, akuda ngati awauka ndi moto. A Biswick anaima pakhomo manja ali m'chiuno, lonjezo lija likuzungulira m'mutu. Kenako anaona chijekete chawo cha kumapiri, chimene sankalola munthu kuchikhudza, chili pamatope kumapeto kwa dimba. A Peggy anali atafunditsa nacho mapando angapo, ndipo pansi pake mbewu zinali zobiriwira bwinobwino.

Pa chinkhoswe nkhwani unangokwanira ankhoswe okha, aliyense kasupuni kake. A Biswick anaimirira, nakonza tayi.

"Jekete limene linapulumutsa ndiwozi ndinagula ndekha ku Switzerland," anatero. "Abale anga, pogula zinthu muziona patali."