Zikhatho Zopanda Bala

Kalipentala wina anali atanena kale bodza lake kawiri, kwa namwino ndi kwa adokotala. Anati mwana wake wachisamba anaterereka pa utuchi n'kumenyetsa mutu pangodya ya tebulo lopalira matabwa. Kachidutswa ka chamba kamene anatola pambali pa mnyamatayo kanali m'thumba la ovolosi, pamodzi ndi pensulo. Ankaopa kuti akakatulutsa, nkhani ifika kupolisi.

Mnyamatayo anali atatsitsimuka, atasokedwa pamwamba pa khutu, koma sankakumbukira kanthu.

Adokotala, mayi wamfupi wovala magalasi, anaika chithunzi cha mutuwo powala. Kalipentala anangoti kukamwa yasa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi wakhala akuumeta mutu umenewu, kuusisita, nthawi zina kuugogoda ndi chala ukakana kumva, koma m'kati mwake anali asanaonemo. Mafupa a chigaza analumana mano kwa mano, popanda guluu kapena msomali, mwaluso loti iye ndi zipangizo zake zonse sakanalifika. Cham'mbali munadutsa kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Mng'alu anauzindikira asanauzidwe.

Adokotala anati mng'aluwo upola wokha, magazi sanakhe m'kati. Kenaka anatembenuza manja a mnyamatayo n'kuyang'ana zikhatho.

"Bambo, munthu akaterereka amatsogoza manja. Awa ali see, ngati a mkwatibwi. Mwana wanu anakomoka ali chiimire, kugwa kunabwera pambuyo."

Anafotokoza kuti ngati chomwe chinamukomola sichidziwika, ayenera kukayikira mtima kapena khunyu, ndipo mwina mnyamatayo sadzaloledwanso kukwera makwerero kapena kugwira macheka a magetsi.

Kalipentala anakumbukira ntchito yake. Iyenso amatero: munthu akabwera ndi mpando n'kunena kuti unathyoka wokha, amangoyang'ana pothyokapo n'kudziwa kuti wina anaimapo ndi mwendo umodzi. Sankadziwa kuti alipo anthu owerenga thupi la munthu ngati thabwa.

Anapisa m'thumba. Pensulo inagwa pansi, kachidutswa kaja kanatsala m'dzanja.

Adokotala sanadzidzimuke, ndipo za polisi sanazitchule n'komwe. Anati chamba chimatha kutsitsa kuthamanga kwa magazi, makamaka munthu akadzuka mofulumira atasuta, ndipo achinyamata obwera ndi mabala otere si wake yekha. Mtima auyezabe, koma tsopano akudziwa poyambira.

Mnyamatayo anabisa nkhope kukhoma. Bambo ake sanamukalipire. Anangopempha kuti chithunzicho chisachotsedwe kaye, n'kumugwira paphewa.

"Dzuka, mwana wanga, koma pang'onopang'ono. Tiye ukaone chimene unatsala pang'ono kuswa. Mipando ndimakonza, koma ichi sindingathe."

Anaima onse awiri kutsogolo kwa chithunzicho, mkono wa bambo uli kumsana kwa mwana, ndipo anayang'ana nthawi yaitali.