Zimbale za m'Mitengo ya Matcheri

Kompyuta ya a Teunis inafa Lachitatu, mlungu womwe timayamba kuthyola matcheri. Ndinaimenya m'mbali monga mwa masiku onse, koma inangonunkha utsi. Ndiyo inkayang'anira chipinda chozizira chosungiramo zipatso, ndi pulogalamu imene malemu amuna angawo analemba okha zaka makumi awiri zapitazo.

Ndinaimbira mwana wanga Marloes ku Eindhoven. Ntchito yake ndi yomweyo yolemba mapulogalamu.

"Ndibwera Loweruka, kubwerera Lamlungu," anatero.

"Lachiwiri."

"Amayi, ndili pa ntchito ine."

"Lolemba madzulo. Upita ndi dengu la matcheri."

"Lolemba m'mawa."

Ndinavomera. Kuuma mutu kumeneku anatengera ine.

Za kuzizirazo sizinkandidetsa nkhawa kwenikweni, chopimira kuzizira china chili pakhoma. Chimene sindinamuuze ndi ichi: m'mawa uliwonse pulogalamuyo ikatseguka, inkayamba yaonetsa kabokosi ka mawu a bambo ake. Tsiku lililonse la chaka linali ndi akeake. Iwo ali moyo ndinkangodina msanga kuti kachoke. Atamwalira ndinayamba kuwawerenga ndi chala, pang'onopang'ono, poti sukulu ndinalekera panjira.

Loweruka Marloes anatsegula kompyuta yakaleyo n'kupukusa mutu. Zamkati zinali zitapsa. Koma zolemba za pulogalamuyo anali nazo, bambo ake anamutumizira kalekale pofuna kudzitama. Anakhala pa tebulo la kukhitchini ndi kompyuta yatsopano, n'kuiuza kuti imange pulogalamuyo. Panatuluka malemba ofiira okhaokha.

"Ikuti chiyani?"

"Ikuti pulogalamuyi ikuitana tizigawo takale timene muno mulibe."

"Ndiye iuze ikatifune."

"Amayi, pitani mukakalipire othyola zipatso. Akusowani."

Sindinapite. Ndinaima kumbuyo kwake mpaka masana. Anafufuza zida zakale zimene bambo ake ankagwiritsa ntchito, kompyuta n'kuzikana kuti n'zachikale. Ndiye anakonza kompyuta yachikale mkati mwa yatsopanoyo, musandifunse kuti bwanji. Mizere yofiira inali khumi ndi inayi, inatsika kufika pa itatu, kenako umodzi. Umenewo ndinauwerenga ndekha, chifukwa munali dzina langa: dirkje.

"Tinato tinali ta makampani, ndatipeza," anatero Marloes. "Aka ka dzina lanuka anapanga okha adadi, sikapezeka kwina kulikonse. Ndingokachotsa. Zozizirazo zigwira bwinobwino."

"Usakakhudze."

Anatembenuka. Ndinamuuza zonse za kabokosi ka mawu a bambo ake, maso ali pa ketulo.

Kenako anafunsa: "Adadi ankasunga chilichonse pa zimbale. Bokosi lawo lija lili kuti?"

Ndinayang'ana pazenera. Kuno aliyense amapachika zimbale zakale m'mitengo kuti zizinyezimira, mbalame zisamalize matcheri. Chaka chimene a Teunis anamwalira mbalame zinachuluka, ndipo bokosi linali pomwepo, laulere.

"Amayi. Ayi. Zonse?"

"Zinali zongokhala. Tenga makwerero."

Mitengo inali makumi asanu ndi limodzi. Iye kukwera, ine kugwira makwerero. Ankawerenga chimbale chilichonse mokweza: nyimbo za kutchalitchi, zithunzi za ukwati wa msuweni wake, zina zosawerengeka n'komwe.

"Zaka zitatu pamvula! Mbalamezo zinathawa koma?"

"Zinkakhalapo pomwepo. Fulumira, mikono yatopa."

Tinachipeza pa mtengo wa pafupi ndi ngalande. Inki inali itafufuma, koma D wopindika wa dzina langa anali wa dzanja lawo. Kumbali yonyezimira kunali kutasendeka ngati khungu la anyezi. Marloes anachitsuka ndi sopo, n'kuchipukuta ndi malaya ake. Kompyuta inachizunguza, kung'ung'udza, n'kuchilavula. Ndinamuuza ayesenso. Anayesa kasanu.

Lamlungu analemba kachigawo katsopano, n'kukapatsa dzina lomwelo. Malemba ofiira anatha. Pulogalamu inatseguka, kabokosi kaja n'kutuluka, koyera mbee.

"Nenani mawu amene mukukumbukira, ndizilemba," anatero.

Ndinkaganiza kuti ndikuwadziwa onse. Ndinayamba ndi a tsiku langa lobadwa: "Mwadzuka abwana? Khofi kaye, kukalipa pambuyo." Marloes anaseka mpaka kupukuta mphuno. A tsiku loyamba la chisanu: "Valani sokosi zanga, ndikudziwa kuti mumaziba." Ndinafika pa asanu ndi anayi. Ena ndinkangokumbukira kuti ndinaseka, mawu ake osabwera.

"Masiku otsalawo ndiikemo mawu anga?" anafunsa Marloes.

"Ayi. Asiye choncho."

Lolemba ananyamuka m'mawa monga tinapanganirana, dengu lili pampando wa galimoto. Ndinayesa kunena za Lachiwiri, anangondipsompsona pamphumi.

Ndinalowa m'nyumba n'kuyatsa kompyuta. Tsikulo linalibe mawu. Othyola zipatso anali akundiitana panja, koma ndinakhala kaye, chala chili pa kabokosi koyerako, osadina.