Miyezi Itatu Osathira Mchere

Malita anangowaona a Talandira akukhotera m'njira ya kunyumba kwake, ankhoswe ali pambuyo, n'kudziwiratu kuti sanabwerere moni. Alamu akewo anali ndi kayendedwe kawo akanyamula nkhani: chitenje chomanga mothina, milomo ili mwaa!

Chiyambi chake chinali miyezi itatu yapitayo, pamene a Raston, amuna a Malita, anagwa ndi chizungulire pagombe la ku Benga. Kuchipatala anawauza mosapsatira kuti BP yakwera, mtima watopa, ndipo mchere auchepetse ngati akufuna kukalamba. Koma a Raston anali siginala, wolondolera anzawo pomwe pali usipa, ndipo mwini bwato akanamva za matendawo akanawakhazika kumtunda tsiku lomwelo. Anamulumbiritsa Malita kuti asauze munthu. Iye anavomera, n'kuyamba kuphika ndi tomato, anyezi ndi mandimu, mchere osaukhudza.

Alendo aja atakhala pamphasa pamodzi ndi a Raston, a Talandira anapempha kulawa nyemba zimene zinali pamoto. Analawa, n'kulavulira pambali.

"Mwamva nokha, ankhoswe? Zozizira ngati madzi a m'chitsime. Miyezi itatu! Alamu, mkazi wosagwira mchere miyezi itatu akuopa chiyani?"

Malita anazindikira msanga. Kuno ngakhale wobwera dzulo amadziwa: mkazi woyenda ndi mwamuna wina sathira mchere m'ndiwo, poopa kumudula mwamuna wake, kuti angatupe n'kufa. Ndiye kumeneko n'kumene amaloza! Iye amene ankadzuka m'mamawa kukapempha mandimu kwa anthu ngati wopanda pake, lero wasanduka wachiwerewere.

"Taonani miyendo ya achimwene mmene yatupira," anapitiriza a Talandira. "Anawadula kale, tsopano wachita mantha. Ngati ndikunama, athire mchere ndi dzanja lake, achimwene adye tikuona."

Anamasula kathumba ka mchere kamene anabwera nako, n'kukaika pamphasa. Anakonzekeratu, mfiti ya mkazi.

Malita anayang'ana amuna ake. Mawu awiri okha akanathetsa zonsezi. Koma bambo wamkulu, wodziwa kukalipira anthu khumi panyanja, anangoti zyoli, n'kumatokosa dothi ndi kamtengo.

Malita anatapa mchere wodzaza dzanja, n'kuimirira pafupi ndi mphika.

"Bambo a Steward, ndithire?"

A Raston sanadzutse mutu.

"Ingothirani, mayi a Steward, nkhani ithe."

Pamenepo mtima wa Malita unawawa kuposa mmene unawawira ndi chipongwe cha alamu ake. Munthu uyu anali wokonzeka kudya imfa yake, ndi kumusiya iye akunyozedwa, bola bwato lisamusiye. Anauwaza mchere uja pansi, pamapazi pa a Talandira. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabuku ka kuchipatala kamene ankabisa pansi pa matiresi, n'kukaponya pamwendo pa ankhoswe.

"Werengani mokweza, a malume. Alamu anga amve chimene chatupitsa achimwene awo. Akamva akalengeze kugombe konse, paja miyendo ali nayo."

Ankhoswe anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Atafika pa mawu a mchere anaima, n'kuyang'ana a Talandira, amene tsopano ankakonzakonza chitenje chosamasuka.

A Raston anadzuka, maso ali psu.

"Mwandiphera ntchito, mayi inu! Sitinapangane?"

"Tinapangana kuti ndibise matenda, osati kuti ndikupheni," anatero Malita, akupakula nyemba zopanda mchere zija. Anaika mbale patsogolo pawo mwamphamvu mpaka msuzi unatayikira pamphasa. "Idyani. Mundikwiyire muli moyo."