Matensi a pa Handulo

Maynard Ndau, wakabaza wa pa boma la Ntcheu, anali atalephera kawiri Chizungu cha Fomu 4. Masamu ankakhoza, zaulimi ankangomwa ngati madzi, koma popanda Chizungu satifiketi situluka, ndipo popanda satifiketi ntchito ya ulangizi wa zaumoyo imene ankailakalaka inkangomudutsa pamphuno. Mkazi wake Tisunge anali atamuuza mosapita m'mbali: "Chaka chino n'chomaliza, bambo a Rute. Mukalepheranso, tizikalima kachewere kwathu ku Biriwiri."

Chimene chinkamugwetsa chinali matensi. Chizungu n'chilankhulo chamwano, inu. Ukaloweza go, chikuuza kuti za dzulo ndi went. Ukati wagwira went, chatulutsa gone, kenaka had been going, ngati kupita kumodzi komweko sikukwanira. Maynard ankapsa mtima mpaka kulimenyetsa pansi bukulo.

Nthawi yokhala pansi n'kuwerenga analibe, choncho anamata pepala la matensi pa handulo ya njinga. Mwendo wamanja ukaponda, go. Wamanzere, went. Wamanjanso, gone. Pa mtunda wopita kuchipatala, pamene munthu amapalasa pang'onopang'ono, m'pamene ankalowezera matensi aataliatali aja. Makasitomala ena ankayesa akupemphera, ena ankayesa akuwatukwana chamumtima, koma iye analibe nazo ntchito. Pofika mwezi wa mayeso, pepala lonse linali litalowa.

Tsiku la Chizungu anakhala pa desiki n'kutsegula pepala. M'mutu munali mbee! Thukuta linayamba kutsika. Kenaka, osadziwa n'komwe, miyendo inayamba kupalasa pansi pa desikiyo, ndipo mayankho anayamba kubwera okha, limodzi pambuyo pa linzake. Analemba funso loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chiwiri, desiki ikulira kwichi kwichi.

Woyang'anira mayeso, mayi Thokozile, mphunzitsi wochokera ku Sharpevale, anali atagwirapo anthu ambiri obisa likasa m'masokosi. Ataona munthu wamkulu ndevu pepeya akugwedeza miyendo chotero, sanakayike.

"Bambo inu, tatulukani panja."

Pakhonde anamuvulitsa nsapato, masokosi, n'kumupinditsa thalauza mpaka m'mawondo. Sanapeze kanthu, koma mphindi zinali zikupita.

"Nanga miyendoyi ikutani?" anafunsa mayiwo.

"Ikupalasa, madamu. Ikaima, mutu umaimanso."

Mayi Thokozile sanaseke. "Muno si mumsewu. Mukusokoneza anzanu. Ikagwederanso, pepala ndilanda."

Maynard anabwerera pa desiki, mapazi n'kuwakanikiza pa simenti. Funso lachisanu ndi chitatu linamuyang'ana, iyenso n'kuliyang'ana. Ankadziwa ndithu kuti yankho lake lili penapake pa mtunda wa kuchipatala uja, pafupi ndi pamene amayi amagulitsa tomato, koma akanafikako bwanji miyendo itamangidwa? Anayesa kupalasa ndi zala za kuphazi mkati mwa nsapato, osatheka. Anayesa ndi zala za m'manja, mayi aja n'kutsokomola. Miyezi isanu ndi inayi akuloweza, zonse n'kukhala m'miyendo, mutu osasungako ngakhale kamodzi! Belu litalira, theka la pepala linali loyera.

Masana, poti mimba sidziwa za mayeso, anavala kapu ndi jekete lake la kabaza n'kuima pa geti la sukulu imene analembera mayesoyo. Kasitomala woyamba anali mayi Thokozile, chikwama m'manja, akuthamangira minibasi. Nkhope ya wakabaza sanaiyang'ane n'komwe.

"Kudepoti, achimwene."

Maynard analuma mano n'kuyamba kupalasa. Asanafike patali, pakamwa panatseguka pokha. Yankho la funso lachisanu ndi chitatu linatuluka, lachisanu ndi chinayi, lakhumi, onse osaphonya ngakhale limodzi. Anayesa kutseka pakamwa, koma miyendo inali pa ntchito yake.

Mayiwo anamvetsera ali kumbuyo, kenaka anamugwira paphewa.

"Koma achimwene, Chizungu chosalala chonchi mukungopalasa nacho njinga? Bwanji osakalemba mayeso a Fomu 4?"

Maynard anagwira mabuleki pa depoti, n'kuvula kapu kuti amuone bwino.

"Ndalemba m'mawawu, madamu. Masokosi anga mukuwadziwa."

Maynard anamatula pepala lija pa handulo, n'kupita kukafunsa kondakitala wa minibasi ya ku Biriwiri ngati amanyamula njinga ndi katundu wa m'nyumba.