Diso la a Refa

A Refa anasiya kalekale kuyimbira mpira, koma wezulo sanaisiye. Inkalendewera pa msomali pabalaza, ndipo m'nyumba monsemo zinthu zinkayenda ngati kuti ikadali pakamwa pawo. Iwo akati tiyi wazizira ndiye kuti wazizira, ngakhale nthunzi ikufuka. Masiku awo a m'bwalo anthu ankawakuwiza kuti alibe maso, monga amachitira ndi woyimbira aliyense, ndipo iwo ankanyadira kuti sanabwezepo chigamulo ndi kamodzi komwe. Diso langa silinama, ndiwo anali mawu awo, ndipo akazi awo anali atawamva mpaka makutu kuchita dzanzi.

Akazi awowo anthu ankangowatchula kuti Atelala. Makina awo osokera ankakhala pansi pa zenera lalikulu la pabalaza, loyang'ana kumsewu. Pamenepo dzuwa linkalowa bwino moti ankatha kusoka ulusi wakuda pa nsalu yakuda osaphonya mzere. Makasitomala sankavutika n'kugogoda pakhomo, ankangogogoda galasi ndi chikhadabo n'kuonetsa buluku lofuna kupinda. Mipando inali ya a Refa, mawu omaliza anali a a Refa, ngakhale ana, omwe tsopano anali kwawokwawo, ankatchedwa ana a a Refa. Chinthu chokhacho chimene Atelala akanati ichi n'changa m'nyumbamo chinali zenera limenelo.

Tsono tsiku lina kunabwera TV. Sinali ya bokosi ngati za anthu ena onse, ayi, a Refa sakanagula chinthu chimene mnzawo ali nacho kale. Kanali kamakina kopachika kudenga, koponya chithunzi pa chinsalu choyera chodzaza khoma lonse. Wogulitsa wake, bambo wodekha wa dazi, anabwera yekha kudzamangirira. A Refa ankamuzungulira manja ali kumbuyo, kumuuza pokhoma misomali, ndipo asanamalize n'komwe anali atayitana kale anzawo kuti Loweruka masana abwere adzaone mpira mmene umayenera kuonekera.

Anzawo anabweradi, ndi alamu awo omwe, mchimwene wa Atelala, munthu wosasunga mawu m'kamwa. Mpira unayamba. Pakhomapo panaoneka anthu akuluakulu ndithu, koma otuwa ngati awazidwa ufa. Udzu unali mbuu, mayunifomu onse ofanana, mpira weniweniwo unkasowa n'kudzatulukira kwina. Alamu anapirira pang'ono, kenako anafunsa ngati anyamatawo akusewerera m'bafa. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. A Refa sanaseke, ndipo Atelala, amene ankawadziwa mwamuna wawo, anazindikira kuti kuseka kumeneko alipira ndi munthu wina.

Wogulitsa uja atayitanidwa anafotokoza mwaulemu kuti makina amtunduwu sagwirizana ndi dzuwa, amafuna mdima. A Refa anagula makatani ochindikala. Kuwala kunkalowerabe m'mbali. Lolemba m'mawa a Refa anafika ndi matabwa ndi hamala.

Atelala anaima pakati pa iwo ndi zenera. Anapempha, anthu inu, munthu amene sankapempha kanthu. Anati mpira ndi wa Loweruka koma kusoka n'kwa tsiku ndi tsiku, bwanji matabwawo azichotsedwa mpira ukatha.

"Choka apo," anatero a Refa. "Kusoka n'chiyani? Ngakhale wakhungu amasoka. Kukhitchini kuli babu."

Makina osokera anakankhidwira kukhitchini, pakati pa sinki ndi chitseko, pansi pa kababu kachikasu kodzaza ndi mwaye. Atelala anakhala pamenepo akumva hamala ikulira pabalaza, ndipo msomali uliwonse ankaumva m'mano. Makasitomala anafika pazenera, napeza thabwa, ena nabwerera poganiza kuti telala anasamuka. Amene anazungulira kuseri anayamba kudandaula. Mayi wina anabweza jekete la mwamuna wake atapeza kuti lasokedwa ndi ulusi wabuluu m'malo mwa wakuda, ndipo anakalipira pakhomo penipeni. A Refa anamva zonse ali pampando wawo. Madzulo ake pakudya anaseka n'kuwauza Atelala kuti maso awo atha, akagule magalasi asanasokere munthu thumba pabondo.

Chimene chinawapweteka kwambiri Atelala n'chakuti mumdimamo chithunzi chinali chokongola. Ankachiona akamabweretsa makapu. Udzu unali wobiriwira moti munthu ukanauwerenga umodziumodzi. Thukuta linkaoneka likutsika pakhosi pa goloboyi. Iwo ndi diso lawo la utelala ankaona ngakhale msoko wokhota pa kolala ya wosewera. Koma a Refa ankalirabe nkhungu. Ankati m'mbali muli mdima, pakati pali utsi, manambala a pamsana sakuwerengeka. Anzawo aja ankangoyang'anana n'kuvomereza, pakuti zakumwa zinali za mwini nyumba, ndipo kutsutsana ndi a Refa kunali kutaya malovu.

Poyamba Atelala anayesa ndi khalidwe lakale lomwe lija losakhutira ndi kanthu. Kenako anayamba kuona tina. A Refa ankapapasa patebulo kufuna rimoti imene inali poonekera. Anathira tiyi pambali pa kapu n'kukalipa kuti wina waisuntha. Tsiku lina anawomba phewa pa felemu ya chitseko chimene anadutsapo zaka zonse za ukwati wawo, ndipo anatukwana kalipentala amene anamwalira kalekale.

Wogulitsa anayitanidwanso. Anatsitsa kamakina kaja, napukuta galasi lake, nakabwezera, nayatsa. Pachinsalu panatuluka nkhope ya mtsikana wowerenga nkhani, yooneka mpaka nsidze. A Refa anati taonani utsiwo. Bamboyo atayesa kunena kuti iye sakuuona, anatchulidwa wakuba, tambwali, wogulitsa zinyalala kwa anthu aulemu wawo. A Refa anamulozera khomo mkono uli tambasu, mmene ankatulutsira osewera m'bwalo, kungoti chala chawo chinaloza kabati.

Bamboyo anatulukira kukhitchini. Pachitseko anaima, chipewa chili m'manja, nalankhula motsitsa mawu.

"Mayi, makinawa alibe vuto. Bambo anga anayamba chonchi, ankati nyali zonse zafooka. Apititseni akaonedwe maso. Matenda ena a maso sadikira munthu."

Tinene zoona, Atelala anadzuka kuti akanene. Anasiya nsalu pa makina, napukuta manja, nalowa pabalaza mawu ali kale pa lilime. Mtima wawo unali utafewa, chifukwa munthu amene wagona naye nyumba imodzi mpaka imvi sungamuone akulowera kudzenje iwe n'kungoyang'ana. Koma atangokankha chitseko, a Refa anakuwa osatembenuka n'komwe kuti atseke msanga, akulowetsa kuwala. Anawonjeza kuti kuyambira tsiku limenelo makina osokerawo azikhala chete TV ikayaka, chifukwa phokoso lake ndi limene likugwedeza chithunzi, ndipo akapitiriza kuvuta awagulitsa kwa ogula zitsulo.

Atelala anatseka chitseko naima mumdimamo. Pakhoma mtsikana uja ankamwetulira, mano ake oyera ngati mpunga.

"Iwe, tayang'ana apo," anatero a Refa. "Ndi maso ako okuthawo, sukuona kuti chili mbuu?"

"Chili mbuu, bambo."

"Ndimanena ine. Diso langa silinama."

Sikuti anaiwala, kapena kuti sanamvetse zimene wogulitsa ananena. Atelala ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita, ndipo anachichita mwezi ndi mwezi. A Refa akasendeza mpando kufupi ndi chinsalu, iwo ankawathandiza kunyamula. Atalamula kuti makoma a pabalaza apakidwe penti yakuda, Atelala ndi amene anagwira ndowa. Atagula babu latsopano la kamakina kaja n'kupeza kuti nkhungu yawonjezeka, Atelala anapukusa mutu limodzi nawo n'kudandaula za katundu wa masiku ano. Masiku ena chisoni chinkawagwira, makamaka akaona nkhalambayo ikufunafuna silipasi ndi phazi. Ankatsekula pakamwa. Ndiye a Refa ankapezeka anena kanthu, za mchere, za ulusi wogwera pansi, za akazi a anzawo amene amadziwa kusamala nyumba, ndipo pakamwa paja pankatsekeka pokha.

Anzawo a mpira anayamba kuchepa. Ndani angakonde kukhala m'chipinda chakuda bii, chonunkha penti, kumvera munthu akugamula ofusayidi mpira uli pakati pa bwalo? Anatsala alamu okha, ndipo ngakhale iwo nthabwala zinawathera. Ndi alamuwo amene anawanyamula a Refa tsiku limene anaphonya sitepe ya pakhonde n'kung'ambika chipumi. Kuchipatala atasoka balalo, namwino anawaunika m'maso ndi katochi, nawatumiza kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo.

Dokotala sanazungulire. Anati mitsempha ya maso onse awiri yafa pang'onopang'ono, ndipo yafa kale. Akanabwera pamene nkhungu inkayamba, mankhwala odontheza akanasunga zambiri. Anafunsa ngati kunyumba kunalibe amene anaona zizindikiro. Alamu anayang'ana mlongo wawo. Atelala anayang'ana msoko wa gawuni la dokotala, umene unali wokhota pathumba.

A Refa anati dokotalayo ndi mwana wa dzulodzuloli. Panjira yonse yobwerera anafotokoza kuti chawononga maso awo ndi chithunzi choipa cha TV ija, ndipo chikadzakonzedwa maso adzabwerera. Anakana ndodo. Anati akuonabe, kungoti m'nyumba mukulowa kuwala kwambiri, ndipo Loweruka lililonse ankafuna akhazikidwe pampando wawo, rimoti m'manja, wezulo pa msomali wake.

Loweruka lina masana, a Refa akugona kuchipinda, Atelala anatenga hamala ija. Misomali inatuluka mosavuta kusiyana ndi mmene inalowera. Thabwa loyamba litachoka, dzuwa linagwera pansi ngati madzi otayika, fumbi likuvina m'menemo. Anachotsa onse, namanga makatani m'mbali, napukuta galasi ndi nyuzipepala yonyowa mpaka msewu unabwerera: wogulitsa makala ndi njinga yake, ana akuthamangitsa tayala, mayi uja wa jekete akudutsa osayang'ana. Kenako anakoka makina osokera kuchokera kukhitchini pang'onopang'ono, atayala chiguduli pansi kuti asachite phokoso, nawaika pamalo pake. Mapazi ake anakwanira ndendende m'zipsera zakale za pasimenti.

Nthawi ya mpira itakwana anakawadzutsa a Refa, nawatsogolera pa mkono mpaka pampando. TV inayaka. Mawu a wolengeza anadzaza chipinda, anthu a m'bwalo akuimba, koma pachinsalu panalibe kanthu. Dzuwa linali litadya chithunzi chonse, patangotsala nsalu yoyera ndi timithunzi toyendayenda. A Refa anaweramira kutsogolo, zigongono pa mawondo, maso ali tong'o pakhomapo. Kuwala kunawagwera pa tsaya, n'kuonetsa chipsera cha pachipumi ndi ndevu zimene anaphonya pometa.

Anamvetsera kwa kanthawi. Wolengeza atakweza mawu, iwo anamenya mkono wa mpando n'kunena kuti imeneyo ndi ofusayidi yoonekeratu, woyimbira ameneyu alibe maso. Kenako anapukuta tsaya ndi dzanja.

"Muno mwatentha bwanji lero?"

"Ndi kamakina kanu aka, bambo. Kamatentha kakayaka."

"Watseka paliponse? Palibe pamene pakulowa kuwala?"

"Paliponse ndatseka."

A Refa anagwedeza mutu mokhutira. Anati lero chithunzi chayambako kuoneka, ndipo anawauza Atelala kuti akhale chete.

Atelala anakhala pa mpando wawo wakale, dzuwa lili pa manja. Anatenga singano, nanyowetsa nsonga ya ulusi wakuda ndi malovu, naukwezera kuzenera. Unalowa kamodzi.